Galimoto ya hybrid ikatsika pa Thabwa: mafuta imadya pang'ono, koma kutentha kwathu imakuopa

Tsiku lina pochokera ku Blantyre ndidakwera kagalimoto kakang'ono kamene kankapita ku Nchalo. Titayamba kutsetsereka mapiri aja, chigwa chikuonekera patali ndipo Shire akunyezimira m'munsi, mayi wina amene adakhala pambali panga adagwira mpando wakutsogolo mwamphamvu nafunsa kuti, "Adalaivala, mwazimitsa injini pamtsetse ngati uno? Tili ndi ana kunyumbatu ife." Dalaivalayo adayankha mofatsa kuti, "Musaope mayi, imazima yokha imeneyi. Mabuleki akugwira bwinobwino. Taonani apa, batire likudzaza."

Mayiwo sadalakwe kuopa. Tonse a kuchigwa timawadziwa madalaivala amene amazimitsa injini kapena kuchotsa giya pamtsetse pofuna kupulumutsa mafuta, ndipo timadziwa maliro amene makhotakhota a msewu umenewu adatibweretsera. Koma galimoto ija inali ya mtundu wina, umene anthu akuutcha hybrid, ndipo ikuchulukira pamsewu wa M1 kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Nsanje. Ndaona kuti ambiri akuigula chifukwa chomva kuti "sidya mafuta", osadziwa kuti m'kati mwake muli chiyani, idabwera bwanji, nanga ku malo otentha ngati kwathu kuno imafuna chisamaliro chotani.

Injini wamba ndi yowononga, ndipo apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Mwa mphamvu zonse zimene zili mu lita ya petulo, zimene zimafika ku matayala sizikwana ndi theka lomwe. Zotsalazo zimatuluka ngati kutentha, zina pa ekizozi, zina pa radiyeta. Injini imawononga koposa pamene galimoto ikunyamuka, pamene ikuyenda pang'onopang'ono, ndi pamene yaima koma ikungolira, monga zimachitikira pasiteji podikira kuti anthu adzaze. Mabuleki nawo ndi ena otaya chuma. Liwiro limene mwaligula ndi mafuta, mukaponda buleki limasanduka kutentha n'kupita ndi mphepo. Ndicho chifukwa malole olemera amafika pa Thabwa matayala akununkha chopserera.

Hybrid imatseka mabowo amenewa. Ili ndi injini ya petulo monga mwa nthawi zonse, koma ilinso ndi mota ya magetsi, batire lake lapadera la mphamvu zambiri, ndi kompyuta imene imasankha kuti pa nthawi iyi akoke ndani. Amene adayendetsapo ngolo ku Ngabu angamve msanga: pagoli pali ng'ombe ziwiri, ina ndi yanyonga pozula ngolo pamchenga koma imatopa msanga, inayo ndi yopirira paulendo wautali koma ndi yaulesi ponyamuka. Mota ya magetsi ndiyo yanyonga ija, chifukwa imapereka mphamvu zake zonse galimoto isanasunthe n'komwe. Injini imalowapo liwiro likakwera, pamene imagwira ntchito mosawononga. Mukaima, injini imazima. Mukaponda buleki pang'onopang'ono kapena mukamatsetsereka, matayala ndiwo amazunguza mota ija, n'kusanduka jenereta yodzaza batire. Mphamvu imene ikadapsa pa mabuleki imasungidwa, n'kudzagwira ntchito ponyamuka. Chifukwa choti mota ilipo yothandiza, opanga adapeza mpata woika injini ya mtundu wa Atkinson, imene ilibe ukali ponyamuka koma imafinya mphamvu zambiri mu dontho lililonse la petulo.

Batirelo si lalikulu monga ena amaganizira. La mu Toyota Aqua yoyamba limasunga magetsi osakwana yuniti imodzi ya ESCOM, ndipo pa magetsi okha galimotoyo siyenda mtunda woti n'kuutchula. Ntchito yake ndi kulandira ndi kupereka, kambirimbiri paulendo umodzi. Pamtsetse wautali ngati wochokera ku Blantyre, kumene munthu amatsika mamita pafupifupi 900 kuti afike m'chigwa, batire limadzaza msanga ulendo ukadalipo. Likadzaza silingalandirenso, ndiye ntchito yonse imabwerera ku mabuleki wamba. Apa ndi pamene pamafunika giya yolembedwa B, imene imachititsa injini kuzungulira ndi kuigwira galimoto. Injini imalira kwambiri, koma si kuti yawonongeka. Dalaivala aliyense wa hybrid woyenda msewu umenewu ayenera kuidziwa giya imeneyi, ndipo ndimadandaula kuti ena amaigula galimoto osauzidwa.

Komanso si galimoto iliyonse yolembedwa hybrid kumbuyo imene ili chimodzimodzi. Prius, Aqua, ndi Axio, Fielder kapena Sienta za hybrid zimatha kuyenda pang'ono ndi mota yokha. Nissan Note e-Power, imene idatuluka mu 2016, injini yake siikhudza matayala, imangopanga magetsi. Palinso zina zazing'ono, monga za Suzuki, zimene mota yake imangothandiza injini pang'ono, ndipo mafuta amene zimapulumutsa ndi ochepa. Ndiye pali zotchaja pakhoma, monga Mitsubishi Outlander PHEV ya 2013, zimene zili ndi batire lalikulu loyenda makilomita makumi angapo. Zimenezi phindu lake limaoneka ngati kunyumba kuli magetsi. Popanda kutchaja, mukungonyamula katundu wolemera pachabe.

Nzeru yophatikiza injini ndi magetsi ndi yakale. Katswiri wopanga magalimoto wa ku Ulaya, Ferdinand Porsche, adaiyesa cha m'ma 1900, koma petulo anali wotchipa ndipo mabatire anali olemera, choncho idaiwalika. Idadzukanso ku Japan mu Disembala 1997 pamene Toyota idayamba kugulitsa Prius, galimoto yoyamba ya hybrid kupangidwa yambirimbiri. Mwezi womwewo, mumzinda wa Kyoto m'dziko lomwelo, mayiko adagwirizana koyamba zochepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Honda idatsatira mu 1999 ndi Insight. Poyamba anthu ankaziona ngati zoseweretsa za olemera okonda chilengedwe, koma pofika 2017 Toyota yokha inali itagulitsa ma hybrid oposa 10 miliyoni. Aqua, imene ikuoneka kwambiri m'misewu yathu lero, idatuluka mu Disembala 2011.

Chimene chidawakankha makampani si chifundo, ndi malamulo a utsi. Utsi wa galimoto uli ndi zoipa za mitundu iwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Choyamba ndi zimene zimadwalitsa mapapo pomwepo, monga mwaye wa dizilo ndi mpweya wa nitrogen oxide. Mayiko a ku Ulaya adayamba kuzichepetsa ndi malamulo otchedwa Euro, kuyambira Euro 1 mu 1992, n'kumakhwimitsa pang'onopang'ono mpaka Euro 6 mu 2014. Chachiwiri ndi carbon dioxide, amene sanunkha, saoneka, koma ndi amene akutenthetsa dziko. Ameneyu palibe sefa imene ingamugwire pa ekizozi. Lita iliyonse ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweyawu, ndipo njira yokha yomuchepetsera ndi kutentha mafuta ochepa.

Bungwe la European Union lidalamula kuti pofika 2021 magalimoto atsopano a kampani iliyonse, powawerengera onse pamodzi, asapose magalamu 95 a carbon dioxide pa kilomita. Kwa galimoto ya petulo, zimenezi zikutanthauza kuyenda makilomita pafupifupi 24 pa lita imodzi. Kampani yolephera imalipira chindapusa cha ma euro 95 pa galamu iliyonse yopitirira, pa galimoto iliyonse imene yagulitsa. Makampani ambiri a ku Ulaya ankadalira dizilo kuti akwanitse malire otere, mpaka mu Seputembala 2015 pamene zidadziwika ku United States kuti Volkswagen idaika pulogalamu yachinyengo m'magalimoto pafupifupi 11 miliyoni, yoti utsi uzioneka woyera poyesedwa pokha. Mbiri ya dizilo idaipa kuyambira pamenepo, ndipo hybrid idapeza malo. Mizinda nayo idalowererapo: ku London, kuyambira 2019, galimoto yakale ya utsi wambiri imalipira tsiku lililonse imene yalowa m'dera loletsedwa. Mu 2023 European Union idakhazikitsa lamulo loti pofika 2035 magalimoto atsopano asamatulutse carbon dioxide n'komwe, ngakhale kuti mayiko ndi makampani akhala akukokanakokana kuti lamuloli lifewetsedwe. Japan idasankha njira yake: pofika 2035 magalimoto ang'onoang'ono atsopano onse akhale ndi mota ya magetsi, ndipo hybrid ikuwerengedwa momwemo.

Chisankho cha Japan ndicho chikutikhudza ife kwambiri, pakuti magalimoto athu ambiri amachokera kumeneko. Amayenda kumanzere ngati ife, ndipo lamulo lawo loyeza magalimoto, limene limayamba galimoto ikakwana zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse, limadula moti ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali yabwino. Imakwera sitima, imatsikira ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidawerengera kuti pakati pa 2015 ndi 2018 Ulaya, United States ndi Japan zidatumiza kunja magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo anayi mwa khumi aliwonse adabwera ku Africa. Zimene a ku Japan ankagula zaka khumi zapitazo ndi zimene ife tikugula lero. Popeza nthawi imeneyo Aqua ndi Prius ndizo zinkagulidwa kwambiri kumeneko, ndiye zafika pa Bangula. Sitidakhale pansi n'kusankha hybrid. Yatipeza chifukwa cha malamulo olembedwa kutali, poganizira misewu ndi nyengo za eni ake.

Komabe ndikunena mosabisa kuti yatipeza pa nthawi yoyenera. Dontho lililonse la petulo m'dziko muno limagulidwa ndi ndalama zakunja, n'kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta tonse tidagonapo. Kuchigwa kuno malo omwetsera ndi otalikirana, akauma munthu amathamangira kwa a zigubu pamtengo woboola m'thumba. Tiyeni tiwerengere. Kuchokera ku Nsanje kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kupita ndi kubwera 360. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita idzamwa malita 30. Ina yoyenda makilomita 20 pa lita idzamwa 18. Malita 12 amenewo, kwa munthu wonyamula anthu amene amayenda ulendowu kangapo pasabata, ndiwo fizi ya mwana. Mapepala a ku Japan adalemba kuti Aqua yoyamba imayenda makilomita 35.4 pa lita, koma chiwerengero chimenecho chidapezeka poyesa m'nyumba, popanda matumba a chimanga, popanda mphepo yoziziritsa, popanda phiri. Musachiyembekezere pamsewu wathu. Ndipo dziwani kuti hybrid imapulumutsa kwambiri poyenda moimaima, monga kutsitsa ndi kukweza anthu pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Pothamanga kwambiri pamsewu wowongoka, injini ndiyo imagwira ntchito yonse ndipo kusiyana kumachepa.

Ena amafunsa kuti bwanji osangodumphira ku galimoto ya magetsi okhaokha, monga ikuchitira Ethiopia imene mu 2024 idaletsa kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo. Tsiku limenelo lidzafika, ndipo magetsi athu ambiri ndi a madzi a Shire yemweyu, opanda utsi. Koma ife a ku Chikwawa tidaona ndi maso athu mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi n'komwe. Hybrid wamba siifuna soketi, imadzitchaja yokha. Petulo wake ndi yemweyu wa papampu, amene m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo wina mwa ethanol ameneyo amapangidwa konkuno ku Chikwawa ndi kampani ya PressCane kuchokera ku zotsalira za nzimbe za ku Nchalo.

Tsopano ndifike pa zimene ogulitsa satchula. Mdani wamkulu wa batire la hybrid ndi kutentha, ndipo kutentha ndiko kwathu. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotsekedwa padzuwa mumatentha kuposa pamenepo. Batire la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo. Silizizira ndi madzi, limazizira ndi mpweya wa m'galimoto momwemo umene kafani kakang'ono kamakoka kudzera pa kabowo ka m'munsi mwa mpandowo. Pa Prius kabowoko kali m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Ganizirani tsono mmene timanyamulira kuno: anthu anayi kapena asanu kumbuyo, chitenje chalendewera, jumbo ya mbatata yatsamira pomwepo, mawindo ali pululu pamsewu wafumbi wa ku East Bank wopita ku Fatima. Kabowo katsekeka, fani yadzaza fumbi ndi ulusi wa thonje, batire likupsa mwakachetechete. Silifa tsiku limodzi. Limayamba kudzaza msanga ndi kutha msanga, injini imaleka kuzima, mafuta amayamba kukwera, kenako padashibodi pamayaka nyali ya chenjezo. Mwini wake amati adamugulitsa galimoto yoipa, chonsecho batire lidafa ndi befu.

Mankhwala ake ndi otchipa modabwitsa. Kabowo kaja kasatsekedwe ndi chilichonse, ndipo dalaivala asachite manyazi kuuza wokwera kuti, "Pepani amayi, katunduyo musunthe pang'ono apo." Fani ndi sefa yake zizitsukidwa kawirikawiri, makamaka m'chilimwe. Galimoto iziimikidwa pamthunzi, ngakhale wa mtengo wa nimu. Ndipo m'miyezi yotentha kuyatsa mphepo yoziziritsa si kunyada, chifukwa mpweya umene ukuziziritsa anthu ndi womwewo ukupita ku batire. Apa pali msampha wina: pa ma hybrid a Toyota kompuresa ya mphepoyo imayendera magetsi a batire lalikulu, ndipo imafuna oyilo wake wapadera. Wodzaza gasi akathira oyilo wa galimoto wamba, magetsi amatha kuyamba kudutsa molakwika, galimoto n'kukana kulira.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Kuchigwa kuno sitifunika kuuzidwa za madzi osefukira: 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale chaka chabwino, mitsinje ngati Mwanza ndi Lalanje imadzaza mwadzidzidzi mvula itagwa kumapiri. Aqua ndi yaifupi, mimba yake ili masentimita pafupifupi 14 okha kuchokera pansi, ndipo batire lili m'munsi. Madzi akalowa m'kati mpaka kufika pampando, musayese kuiliza kuti muone ngati ili moyo. Ikokedwe, matayala akutsogolo atanyamulidwa, chifukwa akamazungulira amazunguzanso mota. Amene amakhala kutsidya kwa Shire, kumene msewu umasanduka matope miyezi itatu, aganize kawiri asanagule galimoto yaifupi chonchi, ikhale hybrid kapena ayi.

Pali chinanso chokhudza masiku a kusowa kwa mafuta. Hybrid ikatha petulo imatha kukwawabe pang'ono ndi batire, ndipo munthu amakopeka kuti aikakamize ikafike pa Nchalo. Musatero. Ma hybrid a Toyota alibe sitata ngati ya galimoto wamba, injini imadzutsidwa ndi batire lalikulu lomwelo. Mukalikhetsa mpaka pansi, ngakhale mutathira petulo wodzaza thanki galimoto siidzuka, ndipo kukankha sikuthandiza. Kuisiya miyezi yambiri osailiza nakonso kumafooketsa batire.

Za amakaniko ndizinena mwaulemu, pakuti amisiri athu a pansi pa mtengo ndi amene asunga magalimoto a chigwa chino ali moyo zaka zonsezi. Koma waya aliyense wa mtundu wa lalanje mu hybrid amanyamula magetsi okhoza kupha munthu. Batire la Aqua yoyamba ndi la mavoti 144, la Prius limapitirira 200, pamene batire wamba ndi la 12. Pali pulagi yake imene imayenera kuzulidwa munthu asanagwire kalikonse, ndipo pamafunika magolovesi a magetsi. Matenda ambiri a galimoto zimenezi sapezeka ndi khutu, amafuna makina owerengera kompyuta, amene amaonetsa mphamvu ya chigawo chilichonse cha batire. Musanapereke ndalama pogula, pemphani kuti makinawo alumikizidwe muone ngati zigawozo zikufanana, pakuti galimoto ya zaka khumi batire lake nalonso ndi la zaka khumi. Suzumiraninso pansi ngati chosefera utsi cha pa ekizozi, chimene amakaniko amati catalytic converter, chikadalipo. Chili ndi zitsulo zodula monga platinum ndi palladium, ndiye akuba amachidula, ndipo ena amachichotsa dala poganiza kuti galimoto ipepuka. Chikachoka, utsi wodwalitsa uja umatulukira pasiteji pomwe amayi akugulitsa nsomba ndi mandasi. Ndikadakonda kuti maphunziro a umakaniko amene TEVETA imayang'anira afikitse luso la hybrid kwa anyamata ndi atsikana a ku Chikwawa ndi Nsanje, kuti galimoto isamakwezedwe palole kupita ku Blantyre chifukwa cha fani yodzaza fumbi.

Ndikamva anthu a mayiko olemera akukambirana za magalamu a utsi pa kilomita, ndimakumbukira midzi ya ku Makhanga imene madzi adaimeza. Utsi umene Malawi amatulutsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko amenewo, koma mvula yosokonekera ndi anamondwe amphamvu akugwera ife. Choncho sindingauze mlimi wa thonje kuti agule hybrid pofuna kupulumutsa dziko, mlandu umenewo si wake. Ndingamuuze kuti aigule ngati misewu imene amayenda ikulola, chifukwa isunga ndalama zake ndi ndalama zakunja za dziko lake, ndipo mpweya wa pamsika ukhala wopumika.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mabatire akufa. Batire likafooka, amisiri ena amatsegula n'kusintha zigawo zofookazo ndi zina zakale. Galimoto imayendadi, koma nthawi zambiri kwa miyezi yowerengeka, chifukwa zigawo zotsalazo nazonso zakalamba. Zochotsedwazo zimaunjikidwa kuseri kwa galaja. M'kati mwake muli nickel ndi madzi oyabwa amene amawotcha khungu ndi maso, ndipo m'ma hybrid ena atsopano muli lithium amene amatha kuyaka moto batire likabooka. Ku Japan mabatire otere amatoleredwa n'kukasungunulidwa kuti zitsulo zake zigwirenso ntchito. Kuno galaja ili pafupi ndi mjigo, ana amaseweretsa chilichonse chimene apeza, ndipo madzi akasefukira amakokolola zonse kupita nazo ku Shire ndi m'madambo mmene timawedza. Ogulitsa mabatire a hybrid atamalandira akalewo n'kumachotserako mtengo, monga timachitira pobweza botolo pogula chakumwa, mwini galimoto aliyense wa ku Bangula angalinyamule yekha batire lakufalo kukwera nalo Thabwa.